Chala cha Amayi pa Sikelo

Namwino Thục walemba pakapepala:
bambo azidya mpunga wosaphika
wolemera magalamu makumi asanu ndi awiri, kudza asanu,
osapitirira apo, shuga wakwera.
Ndamuyankha kuti kunyumba kwathu ku Huế
sitidaphikepo magalamu.
Timaphika zitini.

Chitinicho n'cha mkaka, chakale kuposa ine,
pepala lake lidayobuka ndisanabadwe,
m'milomo mwake mudasalala ngati mwala wa mumtsinje.
Chimagona m'mbiya ya mpunga, chikwiririke mpaka m'khosi.
Chifereni amayi palibe adachitsukapo.

Sikelo ndagula ku msika wa Đông Ba,
kaphanthiphanthi, ka batire,
kokhala ndi diso limodzi lobiriwira losaphethira.
Mlongo wanga Khiêm ali pa foni, wophunzira uja,
akuti, Yamba wayikapo chitini chopanda kanthu,
dina batani kuti kulemera kwake kufufutike,
kenako thira.
Ndadina. Diso lati ziro.
Zaka makumi anayi za chitini, zii.

Ndatunga, ndasalaza ndi msana wa mpeni: 255.
Ndatunganso, kamulu pamwamba: 290.
Ndagwedeza kuti njere zikhazikike, ndaonjezera: 268.
Khiêm akuti n'chifukwa chake kapu ndi yabodza,
imayeza mpunga pamodzi ndi mpweya.
Mpunga wautali umasiya mipata,
waufupi umapanikizana ngati anthu m'basi,
watsopano umalemera ndi madzi a kumunda.
Akuti lemba, gawa patatu, chotsako pang'ono.
Ndalemba. Foni yaduka.

Bambo ali pakhonde ndi wailesi yawo
akudikira mpunga, sakudikira masamu.

Ndiye dzanja langa latunga lokha,
mmene lidaonera osaphunzitsidwa:
zala zinayi kunja,
chala chachikulu m'kati mwa chitini.
Amayi ankatunga choncho.
Tinkati n'kagwiridwe kawo basi,
monga ena amagwirira cholembera mopotoka.
Ndasolola chala, patsala kadzenje.
Diso lati 240.

Ndabwereza. 241.
Ndabwerezanso, mtima uli thi thi thi. 240.

Magalamu khumi ndi asanu.
Chala cha amayi chinkalemera chomwecho.

Ndakhala pansi pa simenti ndi pensulo.
Zitini zinayi patsiku, pamene tinali asanu ndi mmodzi.
Masiku a chaka chonse.
Makilogalamu makumi awiri ndi awiri,
ochotsedwa m'mbale zathu njere ndi njere
ife osamva ngakhale kamodzi kuti mimba yaperewera.
Kapena tinkamva, n'kumati ndi kukula.

Ndakumbukira mwezi wa chigumula,
mtsinje wa Hương utalowa m'nyumba osagogoda,
ife pa denga la m'kati pamodzi ndi nkhuku ziwiri,
misika itamira, maboti akudutsa mumsewu.
Masiku asanu ndi anayi tidadya.
Bambo ankati mbiya yathu ili ndi mwayi,
yosatha msanga ngati za anzathu.
Amayi sanayankhe, ankapeta.

Tsopano nditani nacho chitinichi?
Kapepala ka namwino kalibe malo a chala.
Ndayika kambale pa sikelo, ndadina ziro,
ndikuthira pang'onopang'ono kuchokera m'chikhatho,
70, 73, 76,
ndatolamo ndi nsonga za zala, 75.
Kampunga kake n'kochititsa manyazi,
sikakukwana n'komwe kubisa pansi pa mphika.
Madzi sindinayeze.
Ndaviika chala cha mkombaphala, afika pa mfundo yoyamba,
izo namwino sanaletse.

Ndi mpeni ndakanda kamzere m'kati mwa chitini,
pansi pang'ono pa gawo lachitatu,
kuti batire likadzatha tisadzasowe pogwira.

Bambo alowa, ayang'ana nthunzi, ayang'ana mbale.
Akuti, Amayi ako ankadzaza chitini tho.
Ndati, Inde bambo, ankadzaza.
Ndawasendezera nsomba kufupi.